Kodi pulani imodzi ingamangidwe ku Matundo ndi ku Domwe?

Funso: Ndimagwira ntchito ku Moatize ndipo ndapeza malo ku Matundo, mumzinda wa Tete. Ndinasunga chithunzi cha nyumba ina pa Facebook: denga lake ndi lobisika, kumaso kwake kuli magalasi kuyambira pansi mpaka m'mwamba, utoto wake ndi wotuwa moderako. Malo angawa ayang'ana kumadzulo, kumene kuli msewu. Ndikufuna ndimange yanga kaye, kenako pulani yomweyo ndikamangire amayi kwathu ku Domwe, m'boma la Angónia. Akazi anga akuti tidzapsa m'menemo, ine ndikuti tidzaika AC, makina oziziritsa m'nyumba. Wolondola ndani?

Yankho: Bambo, akazi anuwo aona patali. Ndanena poyambirira kuti musawerenge mpaka pansi mukuyembekeza kuti penapake ndikhotera kwa inu. Komabe kufuna nyumba yamakono, yoti wodutsa mumsewu acheuke, si mlandu, ndipo sindikutumani kukamweta udzu wofolera. Chimene ndikukana ndi ichi: nyumba ya pachithunzicho inajambulidwira dziko limene anthu amachita kulilakalaka dzuwa. Ku Matundo dzuwa timalithawa. Ku Domwe amalifuna mu Juni n'kulithawa mu Okutobala.

Inu nomwe mukudziwa mmene chigawo chathuchi chilili. Mzinda wa Tete uli pansi m'chigwa cha Zambezi, mamita osafika 200 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, usiku osazizira mokwanira. Ulongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, ndipo nsonga ya phiri la Domwe yapitirira 2,000. Mukakwera chapa (minibasi) ku Moatize mu Juni mutavala malaya okha, pofika ku Angónia mumakhala mukufunafuna jekete. Thupi lanu limasintha chovala panjira imeneyi, ndipo nyumba nayonso iyenera kusintha.

Tiyambe ndi kayendedwe ka dzuwa, poti zina zonse zatsamira pamenepa. Tili pa madigiri pafupifupi 16 kum'mwera kwa mzere wogawa dziko pakati. Kwa miyezi pafupifupi 9 pachaka dzuwa la masana limadutsa chakumpoto kwathu. Kumayambiriro a Novembala, ndiponso kumayambiriro a Febuluwale, limafika paliwombo penipeni, moti mzati woima chilili umasowa mthunzi. Pakati pa nthawi ziwirizi limapendekera kum'mwera pang'ono chabe. Mu Juni ndi pamene limatsikitsitsa, kufika pa madigiri pafupifupi 50 kuchokera pansi, mbali ya kumpoto.

Zimenezi ndi mwayi waukulu kwa womanga. Khoma loyang'ana kumpoto kapena kum'mwera silivuta kuliteteza, chifukwa dzuwa limalifikira kuchokera pamwamba. Denga likatuluka mita imodzi kupitirira khoma, masana a kumapeto kwa Seputembala mthunzi wake umatsika mamita oposa atatu, kutanthauza khoma lonse mpaka pansi. Mu Okutobala ndiye osanena. Mu Juni mthunzi womwewo umangotsika mita imodzi ndi masentimita 20, dzuwa n'kusuzumira pazenera nthawi imene palibe amene amadana nalo. Denga lomwelomwelo limatseka ndi kutsegula lokha malinga ndi mwezi, popanda batani kapena mayunitsi a magetsi a Credelec.

Kumadzulo ndi nkhani ina. Kuyambira 3 koloko dzuwa limakhala litatsika, limalowa chopingasa ngati mlendo wosaodira, ndipo palibe mlomo wa denga umene ungalitchinge. Ndi nthawi yomweyonso imene mpweya wapanja wafika pachimake potentha. Kumeneko ndi kumene mukufuna kuika magalasi anu. Tiwerengere limodzi. Kukakhala kopanda mitambo, dzuwa limathira mphamvu ya mawati pafupifupi 1,000 pa sikweya mita iliyonse yoyang'anizana nalo, ndipo galasi wamba limalowetsa gawo lalikulu la mphamvuyo. Zenera la mamita awiri m'litali ndi awiri m'lifupi, loyang'ana kumadzulo, likhoza kumalowetsa mawati 2,000 kapena kuposerapo. Zili ngati mwayatsa nsimbi ziwiri zamagetsi pabalaza n'kuzisiya mpaka dzuwa kulowa. AC ya 12,000 BTU (muyeso wa mphamvu yake yoziziritsa), imene ambiri amagula, imachotsa kutentha kwa mawati pafupifupi 3,500. Ndiye kuti kuposa theka la mphamvu yake likuthera pa zenera limodzi, isanayambe n'komwe kulimbana ndi denga, makoma ndi anthu okhala m'chipindamo. Makatani amatchinga kuwala, koma kutenthako kumakhala kutadutsa kale galasi, kuli m'nyumba. Mthunzi wothandiza ndi wa panja pa galasi.

Ndinaitanidwapo ku nyumba ina ku Chingodzi, mumzinda momwemo wa Tete, yokongola ngati ya pachithunzi chanucho. Magetsi anali atazima, ndipo ndinapeza banja lonse litayala mphasa kuseri, pafupi ndi kakhitchini ka panja, ana ali ndi zidzolo za thukuta. Mwini wake anali atathiramo ndalama za zaka zambiri. Zinandipweteka mtima, chifukwa zonse zimene zinkafunika zikanachitika pa pepala, njerwa yoyamba isanaikidwe, popanda kuwonjezera ndalama zambiri. AC sindidana nayo ayi, ikani m'chipinda chogona ngati thumba likulola. Koma nyumba izikhalika ngakhale tsiku limene magetsi palibe.

Nanga poti msewu uli kumadzulo? Chipata chiyang'ane kumsewu, koma nyumba siikakamizidwa kutero. Ikhale yaitali kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, kuti mbali zake zazitali, zokhala ndi mazenera, ziyang'ane kumpoto ndi kum'mwera. Kumsewuko kupite mbali yaifupi, ndipo kumeneko muikeko zinthu zimene sizidandaula ndi kutentha: pogona galimoto, bafa, chipinda chosungira katundu. Mlendo akalowa pachipata ayende m'mbali mwa nyumba, pansi pa khonde, mpaka pakhomo. Ngati malo ndi opapatiza moti simungatembenuze, kumadzuloko mumange khonde lakuya mamita awiri ndi theka kapena atatu, kutsogolo kwake kukhale khoma la njerwa zosiya mipata. Kuti mudziwe kum'mawa ndi kumadzulo kwenikweni, musadalire mmene msewu wayendera. Zikani ndodo pamalopo, lembani pamene nsonga ya mthunzi wake yafika m'mawa, dikirani madzulo mthunzi ukatalikenso chimodzimodzi, lembaninso. Mzere wolumikiza malo awiriwo ndiwo woloza kum'mawa ndi kumadzulo. Kampasi ya pafoni nayonso ikwanira.

Tsopano denga, limene kwa ine ndilo theka la nyumba ku Tete. Dzuwa likakhala paliwombo, denga ndi limene limalandira moto wonse. Malata akuda kapena obiriwira moderako amatentha kupitirira madigiri 60, ndipo amawotcha chilichonse chili pansi pake ngati chiwaya. Denga lobisika lili ndi mavuto awiri kuno. Loyamba, lilibe mlomo, choncho makoma onse anayi amakhala pambalambanda tsiku lonse. Lachiwiri, madzi ake amayenda m'ngalande yobisika kuseri kwa kakhoma ka pamwamba. Miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri yopanda mvula imadzaza ngalandeyo ndi fumbi, masamba ndi mapepala, ndipo mvula yoyamba ya mkuntho ikagwa madzi amasowa kolowera, n'kutsikira pa siling'i. Amisiri odziwa kuzira ngalande zoterezi kuti zisadonthe alipo, koma ndi ochepa, ndipo mwini nyumba ayenera kumakwera pamwamba chaka chilichonse.

Denga limene ndingakujambulireni ndi ili: malata oyera kapena owala, mlomo wotuluka mita imodzi kapena kuposa mbali zonse, pansi pake siling'i yokhala ndi chotchinga kutentha, ndipo pakati pa malata ndi siling'i pakhale mpata woti mphepo izidutsa. Mpweya wotentha ndi wopepuka, umakwera. Mukausiyira potulukira pamwamba penipeni pa denga ndi polowera m'munsi mwa mlomo, umadzichokera wokha usanafike pamutu panu. Siling'i ikwere mamita atatu kapena kuposa, kuti fani ipeze malo. Fani imadya mawati osafika 100, pamene AC tanena ija imadya pafupifupi 1,000.

Musaganize kuti zimenezi n'zachikale. Francis Kéré wa ku Burkina Faso, amene mu 2022 anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Pritzker, yaikulu kwambiri pa ntchito yojambula nyumba, anatchuka ndi nzeru yomweyi. Sukulu imene anamanga kwawo ku Gando mu 2001 ili ndi makoma a njerwa zadothi, ndipo denga lake la malata analikweza m'mwamba pa zitsulo, lotambalala ngati chipewa, kuti mphepo izidutsa pakati pa malata ndi siling'i. Ndipo simufunika kupita ku Burkina Faso kuti muone ntchito yake. Ku Benga, pafupi ndi pamene Revubwe amathira mu Zambezi, kuli sukulu imene iye anajambula, ya mu 2018, ndipo makoma ake ali ndi timipata tobwerezabwereza tolowetsa kuwala. Ndi kufupi ndi kuntchito kwanu. Tengani akazi anu mukaione, kenako muyerekeze ndi chithunzi cha pa Facebook chija. Agogo athu ndi tsindwi lawo lotsika ndi khonde lozungulira nyumba ankachita zomwezi ndi udzu.

Chenjezo limodzi pa denga lotambalala: mphepo ya mkuntho imaligwirira kumlomo. Mitengo ya denga imangiriridwe ndi zitsulo kapena waya wokhuthala wozikika mu lintala yozungulira nyumba yonse, osati kungokhomera misomali kapena kutsamiza miyala pamwamba. Denga lotsetsereka mbali zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri. Denga la khonde likhale lapalokha, kuti likasasuka lisatenge ndi la nyumba lomwe.

Za makoma ndinena mwachidule. Khoma lokhuthala limasunga kutentha n'kukutulutsa pambuyo pake. La njerwa zootcha la masentimita 23 limachedwetsa kutentha maola pafupifupi 6 mpaka 8. Ndiye khoma la kumadzulo likawombedwa 4 koloko, motowo umafika m'kati nthawi imene mukuyala pogona. N'chifukwa chake ambiri amadabwa kuti panja pazizira koma kuchipinda kuli ngati uvuni. Khoma lokhuthala ndi labwino likakhala pamthunzi, ndipo chipinda chogona chisakhudzane ndi khoma la kumadzulo. Mabuloko a simenti a masentimita 15 amatentha msanga, choncho nawonso amafuna mthunzi. Njerwa zadothi zotsindira pa makina, zosakaniza simenti pang'ono, magawo 5 mpaka 8 pa 100 alionse, zimagwira ntchito bwino ndipo sizitha nkhuni, koma dothi lake liyesedwe kaye. Utoto wotuwa moderako uja usiyeni, kapena upakeni pakhoma la pansi pa khonde pamene dzuwa silifika. Kunja kukhale koyera kapena kowala, ngakhale njereza wamba.

Mphepo kuno nthawi zambiri imachokera kum'mwera chakum'mawa, koma funsani oyandikana nawo, chifukwa mipanda ndi nyumba zina zimaikhotetsa. Chipinda chilichonse chikhale ndi polowera ndi potulukira mphepo, pamakoma awiri osiyana. Nyumba yopapatiza, ya chipinda chimodzi ndi khonde m'lifupi mwake, imapuma bwino kuposa yamphwamphwa yokhala ndi kanjira ka mdima pakati. Koma pali zinthu ziwiri zimene mabuku a kunja satchula kawirikawiri. China ndi udzudzu: wa malungo umakonda kulowera pampata wa pakati pa khoma ndi denga, choncho mpata uliwonse wa mphepo utchingidwe ndi waya wa udzudzu, ndipo poti wayayo amachepetsa mphepo, mazenera akule. China ndi fumbi, limene inu a ku Moatize mukulidziwa bwino. Masana a Okutobala mpweya wapanja umatentha kuposa wa m'nyumba yamthunzi, ndiye ndi bwino kutseka masana n'kutsegula zonse usiku. Ikani zitsulo zoteteza akuba pamazenera kuti muzigona ali otsegula popanda mantha.

Mwina mukudandaula kuti popanda magalasi aja m'nyumba mudzakhala mdima. Kuno kuwala n'kochuluka kuposa kumene timafuna. Vuto ndi kukufewetsa. Galasi lalikulu mukhoza kukhala nalo ndithu, koma liyang'ane kum'mwera kapena kumpoto, pansi pa khonde. Timazenera tatitali m'mwamba, pafupi ndi siling'i yoyera, timamwaza kuwala mpaka pakati pa chipinda popanda kuthobwa m'maso. Khoma la njerwa zosiya mipata limajambula timadontho ta dzuwa pansi, timene timayenda pang'onopang'ono tsiku likamapita. Ine ndikakhala m'chipinda choterocho madzulo sindifuna kutulukamo, ndipo ndikukhulupirira kuti kukongola kumene mukukufuna kuli pamenepa.

Bwalo musalizire simenti lonse. Simenti imatentha masana, imabwezera kuwala m'mazenera, ndipo usiku imatulutsa moto ngati khoma lija. Siyani dothi, ndipo mtengo uliwonse umene mwaupeza pamalopo, kaya ndi msawu, bwemba kapena mlambe, pulani iuzungulire m'malo moudula. Kumadzulo dzalani mitengo lero, maziko asanakumbidwe, patali mamita asanu kapena kuposa kuchokera pakhoma chifukwa cha mizu. Mango ndi nimu zimapirira kuno. Ngati malo ndi aakulu ganiziraninso msangu, umene uli ndi khalidwe lodabwitsa: umakhala ndi masamba m'chilimwe, pamene mitengo ina ili mbee, n'kuyoyola nthawi ya dzinja.

Madzi nawo musawaiwale. Mu Malichi 2019 mtsinje wa Revubwe unasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu ku Chingodzi, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anadula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, umene inu muzidzadutsa popita kuntchito. Funsani achikulire a pamalopo pamene madzi anafika zaka zimenezo, ndipo pansi pa nyumba yanu pakwere kupitirira pamenepo. Ngati dothi ndi la makande, lija limang'ambika m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, maziko asajambulidwe ndi maso chabe, aone injiniya. Ndipo poti mvula kuno ndi yochepa, kumbukirani kuti milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ya denga ndi lita imodzi ya madzi. Denga la masikweya mita 100 m'chaka cha mamilimita 600 limalandira malita 60,000. Thanki imodzi pansi pa mlomo wa denga idzathirira mitengo ija.

Tikwere tsopano ku Domwe. Kumeneko mdani wa amayi si Okutobala, koma usiku wa Juni ndi Julayi, pamene kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, ndipo m'madambo a kumtundako chisanu chimatha kuwaula mbewu. Kayang'anidwe ka nyumba n'komweko, mbali yaitali kumpoto, koma cholinga chatembenuka: tikufuna dzuwa la Juni lilowe. Mlomo wa denga mbali ya kumpoto ukhale wa masentimita 60. Masana a Juni mthunzi wake umatsika masentimita pafupifupi 80 okha, zenera lonse n'kulandira dzuwa, koma mu Okutobala umaphimba khoma lonse. Kuno khoma lokhuthala la njerwa ndi bwenzi, chifukwa kutentha kumene lasunga masana kumatuluka usiku, nthawi imene kukufunika. Siling'i ikhale yotsikirapo, nayonso yokhala ndi chotchinga, tsopano kuti kafungo kofunda kasathawire kumalata. Mbali ya kum'mwera chakum'mawa, kochokera mphepo yozizira, mazenera akhale aang'ono ndi otseka bwino. Nyumba isatsikire kudambo, chifukwa mpweya wozizira ndi wolemera, usiku umatsetserekera kunsi ngati madzi. Mvula kumeneko ndi yambiri kuposa ku Tete, choncho chiunda cha nyumba chikwere, ndipo madzi a padenga agwere patali ndi khoma.

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse. Nyumba yatsopano yotseka bwino ndi mbaula ya makala sizigwirizana. M'nyumba yakale ya udzu utsi unkapeza potulukira, koma m'chipinda cha siling'i ndi mazenera agalasi mpweya wa makala, umene sununkha ndipo suoneka, umapha munthu ali m'tulo. Ngati amayi amaotha moto usiku, amangireni poothera pokhala ndi chumuni, ndipo muwauze mobwerezabwereza kuti mbaula isagone m'chipinda.

Zotsalazo funsani eni ake, poti mutu umodzi susenza denga. Amayi moyo wawo uli panja: kuphika, kuyanika nyemba, kusankha kachewere, kulandira azinzawo a kumpingo. Balaza lalikulu la magalasi adzangolitseka n'kumakhala kuseri. Chimene adzakondwera nacho ndi khitchini ya panja yosavuta kufikako mvula ikugwa, kachipinda kamdima kopita mphepo mbali ya kum'mwera kosungiramo kachewere kuti asabiriwire, ndi masitepe afupiafupi oti maondo awo asavutike. Mukapita kumudzi mu Juni, dzukani m'mamawa muone pamene amakhala poothera dzuwa akutongola chimanga. Khomani chikhomo pamenepo. Khonde lidzakhale pomwepo, ndipo mmisiri ayambire pachikhomocho kuyeza nyumba yonse.